Dziwe Likagulitsidwa, Wogula Amagula Chiyani?

M'mayiko a ku Ulaya ndi ku America muli malonda amene kuno sitinawazolowere, ogulitsana maiwe. Si maiwe oweta nsomba ayi, koma akasupe ndi zidzenje za kwale zodzaza madzi, kumene anthu amalipira pageti kuti akasambire pansi pa madzi atabereka silinda ya mpweya. Masewerowa ndi a sikuba, ndipo ochita ake amatchedwa madaiva. Pakati pa 2021 ndi 2022 malo awiri otchuka kwambiri a mtunduwu, ena ku America ena ku Britain, anagulitsidwa motsatizana, madaiva n'kutsala kunja kwa mpanda ndi zikwama zawo. Ife tili ndi chifukwa chotchera khutu, popeza Nyanja ya Malawi ili m'gulu la malo a madzi opanda mchere amene madaiva a padziko lonse amawalakalaka.

Munthu angalipirirenji kulowa m'dzenje la kwale pamene nyanja yamchere ilipo yaulere?

Chifukwa chachikulu ndi mtunda. Wokhala pakati pa dziko la England kapena mkati mwa chigawo cha Pennsylvania angafike kunyanja yamchere, koma ayenera kuthera maola pamsewu, kulipira boti, kenako n'kupemphera kuti mphepo isakunthe. Mafunde akakula woyendetsa boti amangoti lero ayi, ulendo wonse wapita pachabe. M'dzenje la kwale mulibe mafunde. Umaimika galimoto, kuvala, n'kuyenda mapazi ochepa kulowa m'madzi.

Koma amene amadyetsa eni malowa kwenikweni ndi ophunzira. Mabungwe opereka masetifiketi a sikuba, monga PADI ndi SSI, salola kuti munthu amalizire maphunziro ake m'dziwe losambiramo la pahotela. Pa maphunziro oyamba a PADI, otchedwa Open Water, wophunzira ayenera kulowa kanayi m'madzi enieni a panja, ndipo akakhoza amaloledwa kutsika mpaka mamita 18. Wofuna kufika mamita 30 abwerenso kudzaphunzira kalasi ina. Choncho sitolo iliyonse ya sikuba ya m'tauni ya kumtunda imafuna madzi akuya apafupi kumene ingapite ndi ophunzira ake Loweruka ndi Lamlungu, ndipo dziwe limodzi limatha kunyamula masitolo ambirimbiri a m'mizinda yozungulira. Apolisi, ozimitsa moto ndi magulu opulumutsa anthu nawonso amaphunzirira momwemo. Iwowa amabwera mkati mwa sabata, pamene pageti pali zii.

Nanga pansi pa dzenje pali chiyani choti n'kuona?

Poyamba mumakhala miyala ndi matope basi, n'chifukwa chake eni ake amamizamo zinthu dala. Ku Stoney Cove, m'dera la Leicestershire ku England, kunali mgodi wa miyala umene unasiya kugwira ntchito mu 1958, madzi a pansi pa nthaka n'kuudzaza. Lero pansi pa dziwelo pagona basi, helikopita, mutu wa ndege, ndi sitima yokoka zinzake yotchedwa Stanegarth, imene inapangidwa mu 1910 n'kumizidwa dala m'chaka cha 2000. Ku Capernwray, kumpoto kwa England, anamiza ndege yonyamula anthu.

Kutsuka zinthuzi, kuchotsamo mafuta, kuzinyamula ndi kuzimiza kumadya ndalama zambiri. Komabe chibasi chadzimbiri chimene chili pansi pa madzi palibe banki imene ingachilandire ngati chikole. Ntchito yake ndi imodzi, yakuti daiva amene anabwera mwezi watha abwerenso.

Ndiye pogulitsa malo otere, chenicheni chimene chikugulitsidwa n'chiyani?

Si madzi. M'mayiko ochuluka madzi a m'mitsinje, m'nyanja ndi a pansi pa nthaka amayang'aniridwa ndi boma, ndipo ngakhale kumene lamulo limalola munthu kukhala mwini wa dziwe lonse, madzi okhawo sabweretsa khobidi. Chimene wogula amatenga ndi njira yofikira kumadziko: nthaka yozungulira, msewu wolowera, poimika magalimoto ndi geti lokhala ndi loko.

Izi zimaoneka bwino ku Yucatán m'dziko la Mexico, kumene kuli zitsime zachilengedwe zotchedwa cenote, zolowera m'mapanga aatali odzaza madzi oyera mbee. Malamulo aakulu a dzikolo amati madzi ndi a mtundu wonse. Koma zitsime zambiri zili pa malo a ejido, omwe ndi malo a mudzi wonse osati a munthu mmodzi, ndipo wofuna kulowa m'phanga la Dos Ojos kufupi ndi Tulum amayamba walipira kwa eni nthakayo. Phangalo limayenda pansi pa nthaka kwa makilomita ambiri, koma amene amadyapo ndi yekhayo amene khomo la phanga lili pamalo pake.

Pamwamba pa nthakayo pamabwera bizinesi: kompuresa yodzazira mpweya m'masilinda, zovala ndi zipangizo zobwereketsa, sitolo, kantini, mabafa a madzi otentha, ziphaso za boma, ndi kaundula wa anthu amene amalipira umembala chaka ndi chaka. Zina mwa izi wogulitsa amatha kunyamula n'kupita nazo, choncho pangano liyenera kuzitchula chimodzichimodzi.

Mtengo wake amauwerengera bwanji?

Akatswiri owerengera mtengo wa malo ali ndi njira zitatu, ndipo pa maiwe a sikuba njirazi zimapereka mayankho otalikirana kwambiri.

Yoyamba ndi kuyang'ana phindu. Wogula chigayo sawerenga malata a padenga. Amakhala pakhonde n'kumaona matumba amene akulowa patsiku, kenako n'kuchotsapo za magetsi ndi malipiro a mnyamata wa pachigayo. Panonso amaphatikiza ndalama za pageti, zodzazitsa masilinda, zobwereketsa zipangizo ndi za kantini, n'kuchotsapo malipiro a antchito, inshuwalansi, msonkho ndi zokonzera. Zotsalazo amazichulukitsa ndi zaka zingapo. Vuto n'lakuti kumayiko ozizira bizinesiyi imayenda bwino miyezi yotentha ndi kumapeto kwa sabata, pamene inshuwalansi ndi msonkho zimafuna zawo chaka chonse. Phindu lake nthawi zambiri limakhala laling'ono poyerekeza ndi kukula kwa malowo.

Yachiwiri ndi kufanizira ndi malo ena ofanana amene agulitsidwa posachedwa. Pa nyumba za m'tauni njirayi imagwira bwino, koma maiwe oterewa ndi ochepa, amagulitsidwa mwa apo ndi apo, ndipo mitengo yake kawirikawiri imakhala chinsinsi cha awiri. Imene imadziwika ndi ya malo ogulidwa ndi boma. Mu 2017 boma la Florida linagula Gilchrist Blue Springs, malo a akasupe okwana maekala pafupifupi 400 amene anali a banja lina, pa mtengo wa madola 5.25 miliyoni, n'kuwasandutsa paki. Malowo anali otchuka kwa osambira wamba, ndipo mtengowo unaphatikiza nkhalango ndi gombe la mtsinje wa Santa Fe, choncho sungautenge n'kukaumata pa dzenje la kwale la kwina.

Yachitatu ndi imene imagamula mlandu. Amafunsa kuti nthakayi, pakanapanda sikuba, ikanapanga ndalama zingati. Yankho likakhala lalikulu kuposa la njira yoyamba, tsiku lina wina adzagogoda ndi cheke chimene palibe mphunzitsi wa sikuba angachifike.

Kodi ndi zimene zinachitika ku Dutch Springs?

Ndi zomwezo. Dutch Springs inali kufupi ndi mzinda wa Bethlehem m'chigawo cha Pennsylvania. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930 kampani ya simenti inkakumba miyala ya laimu pamalopo, ikupopa madzi kuti dzenje lisadzaze. Ntchito itaima m'ma 1970 mapampu anazimitsidwa, ndipo panabadwa kanyanja ka maekala pafupifupi 50, kakuya mamita 30 m'malo ena. Mu 1980 malowo anatsegulidwa kwa madaiva. M'kupita kwa zaka anamizamo basi ya ana asukulu, galimoto yozimitsa moto, ndege ndi chihelikopita cha Sikorsky, ndipo pamwamba pa madzi anaikapo zoseweretsa za mabanja.

Mwayi wa malowa unali pamene anakhala. Kuchokera ku New York kapena ku Philadelphia munthu ankafika m'maola osapitirira awiri, kotero masitolo a sikuba a m'zigawo zingapo ankabweretsa ophunzira awo kumeneko. Koma kuyandikira komweko ndi kumene kumakopa makampani otumiza katundu. Dera la Lehigh Valley, kumene kuli Bethlehem, ladzaza ndi nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu chifukwa thiraki yochoka kumeneko imafika kwa anthu mamiliyoni ambiri tsiku lomwelo, ndipo malonda a pa intaneti atakula, nthaka yathyathyathya ya m'mbali mwa misewu ikuluikulu inakwera mtengo koopsa. Mu 2021 zinamveka kuti malowo akugulitsidwa kwa kampani ya Trammell Crow, yomwe inkafuna kumangapo nyumba ziwiri zoterezi. Kumapeto kwa chaka chomwecho Dutch Springs inatseka.

Madaiva anadandaula, anasainira zikalata, anapita ku misonkhano ya makhonsolo. Chimene chinawapulumutsa pang'ono n'chakuti wogulayo sankafuna madziwo, ankafuna mtunda wouma wa m'mbali mwake. Kanyanjako kanapita m'manja mwa anthu ena n'kutsegulidwanso pa dzina la Lake Hydra, koma bwalo la kumtunda litachepa. Taonani m'mene mitengo inatembenukira. Madzi amene anthu ankayendera ulendo wautali kudzasambiramo anakhala chotsalira cha malondawo, pamene pabwalo pomwe ankangoimika magalimoto ndi kumanga matenti ndi pamene panali chuma.

Za ku Britain zinali zofanana?

Pang'ono, koma kumeneko wogula ankafuna dziwe lenilenilo. National Diving and Activity Centre inali m'dzenje la kwale ku Tidenham, kufupi ndi tauni ya Chepstow pamalire a England ndi Wales, ndipo inatsegulidwa mu 2003. Inatchuka ndi kuya, mamita pafupifupi 80. Daiva wamba satsika kupitirira mamita 40, koma pali ena amene amaphunzira kutsika kwambiri ndi mpweya wosakaniza ndi helium, ndipo kwa iwowa malo a kumtunda ngati amenewa ndi osowa. Mu February 2022 malowo anatsekedwa mwadzidzidzi, anthu osadziwa kuti wagula ndani. Mu 2023 kampani ya DEEP inalengeza kuti ndiyo yatenga malowo kuti iziyeserapo nyumba zoti asayansi azikhalamo pansi pa nyanja kwa masabata angapo. Kuya komwe kunkakopa madaiva kunakopanso wogula wa thumba lalikulu kuposa lawo.

Tinene kuti eni malowa ndi adyera?

Ine sindingawaweruze choncho. Munthu amene wakhala zaka 40 akulawirira Loweruka lililonse kukatsegula geti, mtima uli m'mwamba kuti mwina lero wina sabwerako pansi pa madzi, alibe penshoni ina koma nthaka yomweyo. Ana ake mwina sakuifuna ntchitoyo. Akabwera wina ndi ndalama zoposa phindu la zaka zambirimbiri, kukana kumafuna mtima umene ambiri a ife tilibe.

Chowawa n'chakuti mtengo wa pamsika suwerenga amene atsala pamtetete. Mwini sitolo ya sikuba wa m'tauni ina, amene ophunzira ake tsopano ayenera kuyenda ulendo wautali kuposa wakale, mphunzitsi woima payekha, eni malo ogona ndi odyera apafupi, ozimitsa moto osowa pophunzirira, onsewa ankadyera padziwepo. Koma palibe amene dzina lake lili pa chikalata cha umwini, ndipo pokambirana mtengo saitanidwa.

Ngati malo akugulitsidwa kuti akhalebe a sikuba, n'chiyani chimakweza kapena kugwetsa mtengo?

Choyamba ndi kuyera kwa madzi. Daiva amafunsa kuti aziona mamita angati patsogolo pake, ndipo dziwe la matope, kumene ophunzira khumi akangopalasa miyendo madzi onse amada bii, anthu sabwererako. Maenje a miyala yolimba odzazidwa ndi akasupe a pansi amaposa odzazidwa ndi madzi othamanga ochokera m'minda, amene amabweretsa dothi ndi feteleza, ndere n'kuchuluka. Apa wogula ayang'anenso za aneba, chifukwa munda kapena fakitale ya kuseri kwa mpanda ingathe kuwononga chimene iye walipira.

Kuya kumafunika, koma kukhale kwa masitepe. Dzenje longotsika molunjika mpaka mamita 50 ndi loopsa kwa woyamba kumene. Labwino ndi lokhala ndi posaya pophunzirira, pena papakatikati, ndi pena pakuya pa akatswiri. Stoney Cove ili choncho, pa mamita pafupifupi 7, 22 ndi 36, chifukwa okumba miyala ankatsika m'magawomagawo, osadziwa kuti akukonzera anthu ena.

Ndiye pali ngozi. Anthu amafera m'malo oterewa, ena chifukwa cha matenda a mtima, ena mantha akawagwira pakuya n'kuthamangira pamwamba. Pansi pa maenje a ku England pamazizira mpaka kuchepera madigiri 10, ndipo kuzizira kumawonjezera vuto lililonse. Aliyense amasaina pageti kuvomera kuti akudziwa kuopsa kwake, komabe mwini malo ayenera kukhala ndi boti lopulumutsira, okosijeni, antchito ophunzitsidwa, ndi inshuwalansi imene imakwera ngozi ikachitika. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, koma banki ndi kampani ya inshuwalansi zimaopa, ndipo mantha amenewo amachotsedwa pa mtengo.

Kodi madziwo paokha alibiretu msika?

Ali nawo, koma ndi msika wina. Ginnie Springs, akasupe a banja lina m'mbali mwa mtsinje wa Santa Fe ku Florida, ndi malo otchuka padziko lonse kwa osambira m'mapanga. Madzi ake amakhala pa madigiri 22 chaka chonse, choncho alendo sasowa ngakhale m'nyengo yozizira. Mu February 2021 bungwe loyang'anira madzi m'dera la mtsinje wa Suwannee linavomereza kuti kampani ya Seven Springs Water izipopa kumeneko malita oposa 3.5 miliyoni patsiku, oti akaikidwe m'mabotolo ndi Nestlé. Anthu ambiri a m'deralo ndi mabungwe a zachilengedwe anatsutsa, ponena kuti akasupe a ku Florida akuchepa kale mphamvu. Kasupe wokhala ndi chilolezo chotere mtengo wake sungawerengedwe ndi madaiva a pageti okha.

Boma kapena madaiva eni ake sangagule malowa kuti asatayike?

Zimachitika. Ku Florida akasupe angapo otchuka kwa osambira m'mapanga, monga Peacock Springs ndi Madison Blue, ali m'manja mwa boma ngati mapaki. Nthambi ya madaiva a m'mapanga ya National Speleological Society ili ndi malo akeake, monga Cow Spring, kumene anthu amalowa motsatira malamulo a gululo. Ku Zimbabwe, dziwe la buluu la m'mapanga a Chinhoyi, lotchedwa Chirorodziva, lili m'paki ya boma.

Koma boma likagula limabwera ndi malamulo ake a maola otsegulira, chiwerengero cha anthu ndi setifiketi yofunika, ndipo nthawi zina limaletseratu sikuba. Gulu la madaiva nalo lingakwanitse kachitsime ka m'tchire kumene nthaka ndi yotchipa. Kupikisana ndi omanga nyumba za katundu m'mbali mwa msewu wa ku New York silingathe, ngakhale mamembala atasonkha chotani.

Tibwere kwathu. Munthu angagule gawo la Nyanja ya Malawi n'kulitcha malo ake a sikuba?

Ayi. Malamulo a dziko lino, kuphatikizapo lamulo la za madzi la 2013, amaika madzi a m'nyanja ndi m'mitsinje m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse. Matanthwe a pansi pa madzi ku Nkhata Bay, ku Likoma kapena pa chilumba cha Kande alibe mwini woti angakulembereni risiti. Ku Cape Maclear nkhani ndi yokhwimirapo. Zilumba monga Thumbi West, Domwe ndi Mumbo, pamodzi ndi Otter Point, zili mu Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Madzi a mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa malo a pakiyi ndi otetezedwa. Wochita bizinesi mmenemo amayendera pangano ndi Dipatimenti ya Mapaki ndi Nyama Zakutchire, pangano lokhala ndi tsiku lothera.

Chimene chimagulitsidwa m'mbali mwa nyanja yathu ndi lizi ya poloti, nyumba, boti, kompuresa, masilinda ndi dzina. Malo ambiri a kugombe anachokera ku malo a mafumu, ndipo malamulo a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anakhwimitsa nkhani ya anthu omwe si nzika kukhala ndi malo. Popeza ambiri amene akhala akuchita bizinesi ya sikuba kuno ndi akunja, izi zimachepetsa ogula, ndipo ogula akachepa mtengo umatsika. Kwa Mmalawi wokonzeka, umenewo ungakhale mpata.

Ngati geti palibe, mtengo wa bizinesi ya sikuba kunyanja kwathu wagona pati?

Wagona pa nsomba. Kuno sitifunika kumiza mabasi. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, mazanamazana a m'banja la chambo ndi mbuna, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse padziko. Daiva wotsika mamita 10 okha pa matanthwe amazunguliridwa ndi mbuna za buluu, zachikasu ndi zamizeremizere. Amaona nsomba yaikazi ikulavula ana ake kuti adye n'kuwabwezera m'kamwa mdani akayandikira, ndipo pamchenga amapeza timaenje timene zazimuna zimakumba pokopa zazikazi. Madzi ndi ofunda, nyanjayi siphwa ndi kudzaza tsiku ndi tsiku ngati yamchere, ndipo zipangizo sizidyeka ndi mchere. N'chifukwa chake alendo ambiri oyenda ndi zikwama kumsana akhala akudzatengera setifiketi yawo yoyamba ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear.

Koma chuma chimenechi mwini bizinesi sangachitchingire. Mwini dzenje la kwale ku England amadziwa kuti sitima yake idzakhala pomwepo mawa. Wa ku Cape Maclear amadalira kuti asodzi sadzakoka khoka kapena neti ya udzudzu pa matanthwe otetezedwa, kuti mapiri a kumtunda sadzametedwa mpala n'kutsanulira dothi m'nyanja, kuti mapulasitiki sadzadzaza gombe, ndi kuti mbiri ya likodzo sidzathawitsa alendo. Asodziwo nawo akufuna chakudya, ndipo anali pamenepo sikuba isanabwere. Bizinesi imene yalemba ntchito ana a m'mudzimo, yawaphunzitsa mpaka kukhala aphunzitsi, ndipo imamvana ndi mfumu ndi komiti ya pagombe, ili ndi mtengo woposa ina ya nyumba zokongola imene anthu a m'mudzi amaiyang'ana ndi diso lofiira. Izi sizilembedwa m'mabuku a ndalama.

Zaka zapitazi zaonetsanso zina. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri n'kulowa m'malo ogona alendo ambiri a ku Mangochi ndi madera ena a kugombe, ndipo amene anamanga mogundana ndi madzi anaona kuti poloti ikhoza kuchepa. Kwacha nayo inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene chilichonse cha sikuba, kuyambira sefa ya kompuresa mpaka mabuku ndi masetifiketi a ophunzira, chimagulidwa ndi ndalama zakunja.

Nanga maenje a kwale osiyidwa m'mphepete mwa mizinda yathu sangasanduke malo otere?

Ku South Africa zinatheka. Madaiva a ku Johannesburg ndi Pretoria, amene nyanja yamchere ili kutali nawo, amaphunzirira ku Miracle Waters kufupi ndi Brits, komwe kunali mgodi wa chrome, ndi ku Bass Lake ku Henley on Klip. Koma kumeneko kuli anthu ambiri a ndalama zosangalalira, ndipo kulibe nyanja ngati yathu. Wa ku Lilongwe amafika ku Senga Bay m'maola pafupifupi awiri, ndiye angalipirirenji dzenje? Maenje athu osiyidwa ndi msampha kwa ana osambira, ndipo chimene akufuna ndi mpanda kapena kukwiriridwa.

Ndauzidwa kuti bizinesi ya sikuba ikugulitsidwa kunyanja. Ndiyambire pati?

Yambirani ku ofesi ya za malo, osati pa boti. Onani ngati lizi ilipodi, ili m'dzina la ndani, yatsala ndi zaka zingati, ndiponso ngati malire a pa pepala akugwirizana ndi a pansi. Kenako kakhaleni pansi ndi mfumu ndi anthu oyandikana nawo, wogulitsa palibe. Ngati ntchito imachitikira m'paki, funsani ngati pangano ndi boma lingasamutsidwe kupita kwa mwini watsopano, chifukwa si mapangano onse amene amatsata wogula.

Pa zipangizo musakhulupirire penti. Silinda iliyonse ili ndi chidindo pakhosi chosonyeza pamene inayesedwa mphamvu komaliza, ndipo m'mayiko ambiri kuyesaku kumachitika zaka zisanu zilizonse. Kompuresa iyenera kukhala ndi buku la maola amene yagwira ndi masiku amene sefa inasinthidwa, popeza mpweya woipa ukhoza kukomola munthu ali pansi pa madzi. Funsaninso kuti chilolezo chophunzitsira ndi cha ndani. Setifiketi ya uphunzitsi ndi ya munthu, si ya nyumba, ndipo mphunzitsi akakwera ndege mudzatsala ndi masilinda popanda wosainira ophunzira. Mabuku a ndalama muwaone a zaka zingapo, kuphatikizapo miyezi ya mwera, pamene boti limatha kukhala pamchenga masiku angapo otsatizana.

Ndipo lowani m'madzimo nokha, kapena tumani daiva amene mumamukhulupirira. Wogulitsa aliyense adzakuitanani mu October, madzi ali mbee. Inu pemphani kudzaonanso mu February, mitsinje itasefukira. Akakana, sungani ndalama zanu.